Foni Inalira Kasanu ndi Kamodzi M'kabati

Ine, Jantina Bolhuis, wa zaka 58, wa m'mudzi wa Kloosterburen, wosankha mbatatesi zambewu ku shedi ya kampani ya Ubbema, ndikupereka umboni uwu lero Lolemba pa 4 Marichi, popanda wondikakamiza. Wovulalayo, Eltjo Bolhuis, wa zaka 61, ndi mwamuna wanga komanso kapitawo wa shedi yomweyo. Takhala pabanja zaka 36. Panopa ali m'chipatala chachikulu mumzinda wa Groningen, ndipo chigonekedwere Loweruka sanatsegule maso. Mwana wathu Aukje ndi amene watsala naye. Foni yanga ndaiika patebulo pano. Ndawauza a Sajeni Wiersum, amene akulemba, kuti ikalira ndiyankha, kaya tikhale tili pakati pa mawu. Iwo andipempha kuti ndizinena nthawi, mtunda ndi zinthu, za mumtima ndisiye. Ndiyesa.

Shedi yathu ili pa Kwelderweg nambala 9, makilomita atatu kuchokera m'mudzi, kufupi ndi khoma lotchinga nyanja. Nyumba yoyandikana nayo ndi ya a Sikko Doornbos, mlimi, pa mtunda wa mamita 900. Likulu la kampani lili ku Veendam, makilomita 60 kuchokera kwathu, ndipo kuseri kwa maofesi a kumeneko kulinso shedi. Mkati mwa shedi yathu, kuchokera pakhomo kukafika kumapeto ndi masitepe 80 a mayendedwe anga. Pakhomopo pali kaofesi ka sikelo, momwe muli foni ya kampani. Kumapetoko kuli tebulo losankhira mbatatesi, wotchi ya pakhoma, ndi makabati anayi achitsulo osungira zovala.

Mu Novembala chaka chatha kampani inasintha mafoni. Yakale, imene inali ndi nambala yathuyathu, anaidula. Yatsopano inabwera m'katoni pa lole ya matumba, ndi kapepala koti tingoilumikiza ku intaneti. Eltjo anailumikiza ndipo inagwira. Kuyambira pamenepo, ukaimbira munthu amaona nambala ya ku likulu. Iye akati akuimbirenso, foni imalira ku Veendam, ndiye a kumeneko amatipatsira.

M'katonimo munalinso pepala la masamba awiri. Linkati foni iliyonse ilembetsedwe ndi adiresi ya malo amene ili, komanso ikhale ndi nambala yoti a chithandizo chadzidzidzi akafuna kuimbanso, ilire pamalo pomwepo. Eltjo anavala magalasi nkuliwerenga lonse, chifukwa ndi munthu woti ngakhale chikalata cha ketulo amawerenga. Kenako anaimbira mayi Roelfsema, woyang'anira ofesi ku likulu. Ine ndinali pomwepo ndikuthira khofi, ndipo ndinamva yankho lawo. Anati: "Zimenezo tichitira kuno, mashedi onse pamodzi, nyengo ya matumba ikadutsa. Inu a Bolhuis ingosamalani mbatatesi." Mu Januwale, pa tsiku lomwe kampani imatisonkhanitsa kukafunirana mafuno abwino a chaka chatsopano, anawakumbutsanso. Anamuyankha chimodzimodzi. Pepalalo analipana kuseri kwa kalendala mu kaofesi kaja, ndipo likadali pomwepo. Zengerezu adalinda kwawukwawu, koma amene akukwawa lero si iwo.

Pali zinthu zina zitatu zomwe a Sajeni ati ndifotokoze ndisanafike pa Loweruka.

Choyamba ndi lamulo la mafoni a m'manja. Zaka zitatu zapitazo foni ya mnzathu wina inagwera m'thumba la mbatatesi, thumbalo linasokedwa, foniyo nkukatulukira ku Morocco. Kuchokera pamenepo, tikalowa mu shedi mafoni amalowa m'kabati, kabati nkukiyidwa. Eltjo lamuloli amalisunga ngakhale Loweruka pomwe palibe bwana aliyense woti amuone. Ine ndi iye timagwiritsa ntchito kabati imodzi, ndipo kiyi amakhala m'thumba lake la kumanja la thalauza.

Chachiwiri, Loweruka ku likulu sikukhala munthu. Nambala ya kampani amaitembenuzira ku foni ya m'manja ya kapitawo mmodzi, mosinthana, pakati pa mashedi asanu. Oimba amakhala alimi ndi madalaivala a malole ofunsa za katundu. Mlungu wathawu inali nthawi ya Eltjo. Iye amaikiyirabe foniyo, nkumayang'ana amene aimba pa nthawi ya khofi. Amakonda kunena kuti mlimi wofuna matumba sanafepo chifukwa chodikira.

Chachitatu ndi kaliridwe ka foni yakeyo. Eltjo sayankha foni, ndi matenda ake. Pa Khirisimasi anandijambula mawu mobisa ndikumukalipira kuchokera kukhitchini, nkuwaika kuti foni izilira ndi mawu amenewo. Munthu akaimba, kumamveka ine ndikukuwa kuti: "Eltjo! Tayankha foniyo! Wagontha kodi?" Abale onse anaseka mpaka misozi. Ndinamuuza kuti achotse zopusazo. Anati sachotsa, chifukwa aka kanali koyamba kukhala ndi mkazi amene angathe kumuzimitsa ndi chala.

Loweruka pa 2 Marichi tinanyamuka kunyumba pa njinga 8:10 m'mawa, mphepo ikutiwomba kumaso, ndipo tinafika 8:25. Tinalipo awiri okha. Lole inkayembekezeka Lolemba, ndiye tinkafuna kumaliza kusankha. Mafoni athu onse awiri analowa m'kabati, iye anakiya. Anazungulira kuona mafani opemerera mbatatesi ndi kuzizira kwa zipinda, ine ndinayamba ntchito patebulo.

Mbatatesi timasunga m'mabokosi a matabwa okhala ndi zitsulo m'makona. Limodzi likadzaza limalemera makilo 1,200. Itatsala pang'ono kukwana 10 koloko, Eltjo anabwera ndi bokosi pa kagalimoto konyamulira mabokosi, nkuima pafupi ndi tebulo langa. Anati wamva thabwa likulira pansi pake. Analisiya bokosilo lili m'mwamba pa mano a kagalimotoko, msinkhu wa pachifuwa, nkutsika kuti asuzumire. Ndinati: "Tsitsa kaye pansi, mdala iwe." Iye anati: "Ndingoona, Tina." Wotchi ya pakhoma inali pa 10:04 pamene matabwa a pansi anathyoka. Bokosi linapendekeka, linatsetsereka, linamugwetsa chagada nkumugwera pa mwendo wa kumanja. Mbatatesi zinamwazika shedi yonse.

Nditafika pomwe anali, mwendo unali pansi pa bokosi kuyambira m'chiuno mpaka pabondo. Chitsulo cha pakona chinali chitalowa pantchafu ndipo thalauza linkada msanga. Mbali ina ya bokosi inali itatsamirabe pa kagalimoto kaja. Ine sindinakayendetsepo, ndipo iye anandiletsa kukakhudza, akuti ndikangokagwedeza bokosi limumaliza.

Eltjo ali ndi mawu amodzi amene amanena pa chilichonse. Tsiku la ukwati wathu amayi anga atamufunsa kuti akumva bwanji anati, "Bolako." Denga la nyumba litasasuka ndi mphepo anatinso bolako. Ndipo apa, atagona pansi pa bokosi, anandiyang'ana nkunena kuti: "Bolako. Lagwera mwendo wa nyamakazi uja."

Ndinathamangira ku kaofesi. Ndinagwa kawiri poponda mbatatesi. Pepala limene a Sajeni ali nalo likuonetsa kuti ndinaimba 112, nambala ya chithandizo chadzidzidzi, nthawi ili 10:06. Ndinalankhula ndi mayi wina. Ndinati ndikufuna ambulansi, mwamuna wanga wapsinjidwa ndi bokosi, magazi akutuluka kwambiri. Iwo anati: "Ndikuona kampani ya Ubbema, ku..." Ndinamva dzina la kampani, zotsatira sindinamve, chifukwa nthawi yomweyo Eltjo anakuwa. Anakuwa kuti "Jantina!" Zaka 36 amanditchula Tina, dzina lonse sanalitchulepo. Ndinangoti: "Eya, konko, ku shedi, fulumirani!" Mayiwo anali akulankhulabe. Ine ndinabwezera foni pamalo pake nkuthamanga.

Sindinatchule Kloosterburen. Sindinatchule Kwelderweg. Lembani choncho, sindikubisa. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo dalaivala wina anakomoka pa sikelo, ndinaimba pa foni yakale ija, iwo anandiuza okha komwe tili, ndipo ambulansi inafika pasanathe mphindi 15. Ndinkaganiza kuti foni imatitchulira yokha ngati kale. Za pepala la kuseri kwa kalendala mutu wanga sunafikeko. Ndipo sindinaisiye foni ikulendewera chifukwa dzanja linachita zomwe linazolowera. Foni ukamaliza umaibwezera.

Nditabwerera ndinapeza bokosi lasuntha pang'ono, chitsulo chang'amba mokulirapo, magazi akutumphuka. Ndinavula epuloni, ndinaipinda, nkukanikiza pabalapo ndi manja onse awiri. Eltjo anati ndiwonjezere bondo. Ndinatero. Magazi anachepa koma sanasiye.

Pa 10:08 foni inalira m'kabati. Anali mawu anga. "Eltjo! Tayankha foniyo! Wagontha kodi?" Amabwereza kasanu ndiye nkusiya. Eltjo anaseka, ngakhale kusekako kunamupweteka. Anati: "Tsopano ukundikalipira pawiri." Patangotha mphindi imodzi inaliranso. Iye anati ameneyo ndi dalaivala wa Lolemba, amakonda kufunsa chinthu chimodzi katatu. Ine ndinatembenukira ku kabati nkukuwa kuti: "Tatseka pakamwa pakopo, mkazi iwe!" Ndinkakalipira mawu anga omwe.

Pa 10:12 inalira kachitatu. Apa Eltjo anati: "Tina, mwina uyankhe. Kaya ndi ndani, umuuze akaitane Sikko abwere ndi thirakitala." Kiyi anali m'thumba la kumanja, pansi pa bokosi. Koma pambali pa makabati, pa msomali, pamakhala chitsulo chokanulira matabwa, ndipo zitseko za makabati aja ndi malata wamba. Ndinayesa kuchotsa dzanja limodzi. Magazi analumpha mpaka pachigongono panga. Ndinabwezera dzanja nkunena kuti: "Sindikusiya. Ambulansi ili m'njira. Woimbayo adikire." Iye anaganiza bwino, amene ndinakana ndi ine. Zimenezinso zilembedwe.

Tinayamba kuyang'ana wotchi tonse awiri. Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti ambulansi ndi mphindi 15. Ndinkadziuza kuti ikafika 10:21 ndimva kulira kwake. Pa 10:17 foni inalira kachinayi. Eltjo anayamba kunjenjemera, akuti akumva kuzizira. Ndinakoka matumba awiri opanda kanthu ndi phazi, nkumufunditsa ndi chigongono osachotsa manja. Anandionetsa ndi maso lamba womangira katundu amene anali pa mpando wa kagalimoto, akuti akanathandiza kumanga mwendo. Sindikanamufikira popanda kusiya bala.

Pa 10:21, m'malo mwa ambulansi, inalira foni, kachisanu. Itasiya ndinatchera khutu. Kunkangomveka mafani ndi mphepo padenga. Ndinati ndithamange ndikaimbenso. Eltjo anati: "Usawavutitse, amva kale. Mwina mlatho aukweza kuti boti lidutse. Kapena ali kumbuyo kwa thirakitala ya Sikko, uja sapatuka." Ndi mmene tinaleredwera kuno. Munthu ukapempha kamodzi umadikira, kupempha kawiri ndi kusowa khalidwe. Ndinadikira.

Milomo yake inayamba kuyera. Anati khofi wathu wazizira m'fulasiki pachabe. Ndinamuuza kuti ndimuphikira wina, asiye kudandaula zaziii. Anati ndisaiwale kuti tayala la kumbuyo la njinga yanga likuchepa mpweya, pampu ili kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Ndinati: "Upopa wekha, ine si wantchito wako." Anati: "Bolako." Ananena motsitsa kwambiri moti ndinachita kuwerama kuti ndimve. Amenewo ndi mawu omaliza amene ndamumva akulankhula mpaka lero.

Pa 10:27 foni inalira kachisanu ndi chimodzi. Ulendo uno sanaseke. Maso anali otseguka pang'ono koma sankandiona. Mawu a m'kabati ankamufunsa ngati wagontha, ndipo ine ndinkamufunsa zomwezo ndili pamwamba pake. Ndinamuitana Eltjo, ndinamuitana mdala, ndinamuitana bambo a Aukje, zomwe sindichita. Ndinamutukwana. Ndinapemphera, ngakhale kutchalitchi ndinasiya kalekale. A Sajeni ati za mumtima ndisiye, koma palibe njira ina yonenera. Ndinasowa mtengo wogwira. Ndikasiya bala afa, ndikapanda kusiya afanso, ndipo panalibe munthu pa mtunda wa mamita 900 woti andimve.

Pa 10:31 ndinasiya bala. Ndinatenga lamba uja, ndinamulowetsa pamwamba pa bala pomwe dzanja linkatha kudutsa, ndinamanga, nkupotokola ndi chidutswa cha thabwa mpaka manja anga anakana. Thabwalo ndinalipanikiza pansi pa bokosi. Magazi anachepa kwambiri. Sindinadziwe ngati ndi chifukwa cha lamba kapena anali atatsala ochepa.

Ndinaimbanso 112 pa 10:33. Nditangotchula Ubbema anandipatsira mayi omwe aja. Mawu amenewa ndikuwakumbukira bwino.

Anati: "Mayi, muli pati? Anthu athu ali mkati mwa shedi, adula loko wa pageti, sakukupezani."

Ndinati: "Loko uti? Geti lathu ndi lotsegula chitsegulire m'mawa!"

Anati: "Kodi simuli ku Veendam?"

Ndinati: "Veendam yachani? Ndili ku Kloosterburen! Mwamuna wanga akufa ku Kloosterburen!"

Kenako anati: "Nenani adiresi pang'onopang'ono, ndipo musadule." Ndinanena. Anabwereza. Ndinamva akulankhula ndi anthu ena. Atabwerera kwa ine anati akhala akundiimbira chidulire foni ija. Ndinawayankha kuti foni ino sinalire ngakhale kamodzi, ndipo zinali zoona. Anati ndiisiye patebulo osaidula, ndibwerere kwa wodwala. Mayi amenewa sanalakwitse chilichonse. Anatumiza ambulansi komwe makina awo anawaonetsa, ndipo anaimba nambala yomwe anaiona.

Ndinabwerera kwa Eltjo. Ankapuma, koma patalipatali. Ndinamugwira mutu. Ambulansi inafika 10:46, patatha mphindi 13 chiimbire kachiwiri. Ndikanatchula mudzi ulendo woyamba ikanafika cha m'ma 10:19, iye akadali kulankhula. Helikopita inatera m'munda wa a Sikko 10:52. Ozimitsa moto anatukula bokosi 11:05. Asanamukweze m'helikopita, mtima wake unaima kamodzi, anaubwezeretsa pomwepo pakati pa mbatatesi.

A Sikko anabwera akuthamanga ataona helikopita. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja. Anati m'mawa wonse anali pabwalo pawo akukonza thirakitala yokhala ndi zonyamulira, foni ili m'thumba. Anati: "Jantina, bwanji osandiimbira? Mphindi zisanu ndikanafika." Ndi iwo amene ananditengera kuchipatala pa galimoto yawo.

Madzulo a Loweruka madokotala anadula mwendo. Dokotala wamkulu anatiuza ine ndi Aukje kuti vuto si mwendo, koma ubongo unakhala nthawi yaitali osalandira magazi okwanira. Ndinamufunsa ngati mphindi 27 zikanasintha kanthu. Anayang'ana pansi nkunena kuti: "Sindingakunamizeni, mayi."

Lamulungu masana mayi Roelfsema anabwera kuchipatala ndi maluwa. Ankalira. Anati pepala lija lili patebulo pawo, ndipo mafoni a mashedi onse asanu analembedwa kuti ali ku Veendam. Maluwawo sindinalandire, analandira ndi Aukje. Ndinawafunsa funso limodzi. Ndinati a ambulansi akuti anandiimbira, nanga foni ya mu kaofesi sinalire bwanji, inkalira kuti? Anati nambala imene iwo anaona ndi ya ku likulu. Ndinati ku likulu kunalibe munthu. Anati: "Eya, Loweruka timaitembenuzira kwa kapitawo wa..." Anagwira pakamwa. Sanamalize, koma ine ndinali nditamva. Ndinakhala pansi m'khonde momwemo, anthu akudutsa.

Lero 8 koloko m'mawa ndinapita ku shedi ndi a Sajeni Wiersum kuti ndiwaonetse malo. Kiyi wa kabati anali ndi a Sajeni, a chipatala anamupeza m'thalauza lomwe anadula. Anatsegula kabati ine ndikuona. Foni yanga inali pamwamba pa juzi, ya Eltjo pambali pake. Pa foni ya Eltjo panali poonetsa kuti anthu aimba osayankhidwa kasanu ndi kamodzi: 10:08, 10:09, 10:12, 10:17, 10:21 ndi 10:27. A Sajeni anafananitsa ndi pepala lawo. Onsewo anali mayi a ku 112 aja. Panalibe dalaivala, panalibe mlimi wofuna matumba.

Ndinawerenga masitepe kuchokera pomwe pali banga la magazi kukafika pa kabati. Ndi khumi. Chitsulo chokanulira matabwa chikadali pa msomali wake. Ndinapempha a Sajeni kuti ndiyese pa kabati yopanda kanthu ya pambali, iwo anandilola ndipo anayang'ana wotchi yawo. Chitseko chinatseguka pa masekondi asanu ndi awiri.

Sindikudziwa kuti mlandu muupereka kwa ndani. Ngati kudula foni munthu akulankhula ndi mlandu, ndilembeni ine. Ngati kusiya pepala patebulo miyezi inayi ndi mlandu, mukudziwa komwe kuli tebulolo. Koma mashedi anayi enawo atsegula m'mawa uno, muli anthu, mafoni awo ali m'makabati, ndipo foni ya pakhoma ikunenabe kuti ali ku Veendam. Musadikire kuti nyengo ya matumba idutse.

Ndapempha chinthu chimodzi ndipo ndikufuna chilembedwe kuti ndinapempha. Foni ya Eltjo ili m'pepala la pulasitiki patebulo pano. Namwino wina anandiuza kuti munthu amene ali ngati mmene alili iye nthawi zina makutu amamvabe. Ndikufuna ndiitenge kwa ola limodzi lokha, Aukje aimbe, ilire pafupi ndi khutu lake. Mawu aja ankamuseketsa tsiku lililonse. Ine ndayesa kumukalipira pabedi paja masiku awiri onsewa koma mawu sakutuluka bwino, ndikungolira, ndipo Eltjo mkazi wolira samudziwa. A Sajeni akuti foniyo ndi umboni, sangaitulutse popanda chilolezo cha akuluakulu awo, mwina mawa. Ndawauza kuti mawa ndi mawu amene atifikitsa pano. Ndawagwadira. Sindinagwadirepo munthu. Iwo ati aimba tsopano lino kuti afunse, ndipo ngati

(Umboni unaima 11:36, foni ya mayi Bolhuis italira. Unapitirira 11:58 iwo atapempha.)

Amene amaimba ndi Aukje. Eltjo wamwalira 11:31. A Sajeni asavutikenso kufunsa za foni ija.

Ndayankha isanamalize kulira kamodzi. A Sajeni aona ndi maso awo. Lembani kuti ulendo uno ndayankha.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa. Umboniwu andiwerengera ndipo ndi mawu anga.

Wosaina: Jantina Bolhuis ______________________

Wolemba umboni: Sajeni R. Wiersum ______________________